Ndinafolera nyumba yanga ndi malata a mayi wamasiye

Inu owerenga, dzina langa ndilisunga, koma zimene ndinachita sindibisa. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala mukomboni ya George kuno ku Lusaka, ndipo ndinagulapo malata akuba n'kufolera nyumba yanga. Sindinabe ndi manja angawa ayi, koma tsiku limene apolisi anafika pakhomo sanayambe ndi kufunsa kuti wakuba ndani. Anayamba ndi kuyang'ana padenga. Panopa mtima unakhala pansi, nkhani inatha. Koma mvula ikamayandikira ndimaona amayi anzanga akuthamangathamanga monga ndinkachitira ine, ndiye ndati bwanji ndifotokoze, mwina wina angapulumuke.

Nyumba yathu ndi ya zipinda zitatu. Anamanga ndi malemu bambo anga atabwera kuchokera ku Katete kudzafuna ntchito, ine ndisanabadwe. Zipinda ziwiri zogona zinali ndi malata akalekale, adzimbiri, amene tinkapsinja ndi miyala ndi matayala kuti mphepo isawanyamule. Pabalaza panali asibesitasi, malata asimenti aja olemera amene mumawaona pa nyumba zakale za ku Matero. Chaka chilichonse denga linkadontha, ndipo chaka chilichonse amuna anga ankakwera ndi kachitini ka phula n'kumata. Tinazolowera. Amuna anga ndi mlonda, amalondera nyumba yosungiramo katundu ku mafakitale. Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi repu pamsika wapafupi ndi kwathu. Sitinali olemera, koma ana sankagona ndi njala, ndipo dzina lathu linali labwino.

Linali tsiku lina mu Novembala, kutatentha kuyambira m'mawa moti repu anafota pathebulo. Masana mitambo inabwera mofulumira, yakuda bii, kenako kunawomba mphepo yozizira. Tisanalongedze n'komwe, matalala anayamba. Ine ndinakulira mumzinda uno, matalala ndinawaonapo, timatalala tating'ono timene ana amatola n'kumabwira. Awa anali aakulu ngati masuku. Tinabisala pansi pa matebulo, phokoso la pamalata a msika lili loti sungamve mnzako ngakhale ali pambali pako. Sizinatenge nthawi yaitali. Zitatha ndinadzuka n'kupeza tomato wanga yense ataphwanyika.

Ndinasiya zonse pomwepo n'kuthamangira kunyumba. Mwana wanga woyamba, Memory, amene anali mtsikana wamkulu ndithu wa ku sekondale, anali atalowetsa ang'ono ake awiri pansi pa bedi. Palibe anavulala, ndipo pa chimenechi ndimathokoza Mulungu mpaka lero. Koma nyumba inali ina. Asibesitasi anasweka, zidutswa zili mbwee pamipando. Malata a kuzipinda anabooka ngati sefa, moti ukaima mkati n'kuyang'ana kumwamba, kuwala kunkalowa paliponse. Matiresi, thumba la ufa, mabuku a ana, zonse zinanyowa.

M'mawa mwake tinaitana ba Zulu, kalipentala amene amakhala kuseri kwathu. Anakwera, anayendayenda mosamala, kenako anatsika atagwira chidutswa cha thabwa chimene chinkafumbutuka m'manja.

"Apa palibe chomata, bamake Memory," anatero. "Phula siingagwire pa dzimbiri. Na mapulanga yanaola kalekale. Ni kuchosa vonse."

Ine ndinkaganiza kuti kukonza denga ndi kugula malata basi. Inu owerenga, malata ndi chiyambi chabe. Pali matabwa, pali misomali ija ya zipewa, waya womangira, simenti yotsekera pamwamba pa khoma, galimoto yonyamula, ndiye pali wokhoma. Tinapita m'tauni ndi amuna anga, tinalowa sitolo ndi sitolo, ndipo kulikonse tinapeza anthu a ku Matero, a ku Lilanda ndi a kwathu komwe, onse akufunsa chinthu chimodzi. Ogula akachuluka chonchi wogulitsa sakhala ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Titaphatikiza zonse, zinaposa malipiro a amuna anga a miyezi ingapo. Tinakwera minibasi yobwerera chimanjamanja.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, woganiza pang'onopang'ono. Madzulo ake anati tifolere chipinda chimodzi choyamba ndi zimene tili nazo, tonse tizigona mmenemo, zipinda zinazo tiphimbe ndi pulasitiki mpaka titapeza mphamvu. Ine ndinakana. Ndinati mtsikana wamkulu ngati Memory sangagone chipinda chimodzi ndi atate ake, ndipo pamenepo sindinaname. Koma panali chinanso chimene sindinanene. Sindinafune kuti anthu azidutsa pakhomo pathu n'kumaona nyumba ya bambo anga itavala pulasitiki ngati khola la nkhuku. Ndinali nditangolandira ndalama za chilimba, zija timasonkherana amayi pamsika mwezi ndi mwezi, ndipo mkulu wanga wa ku Kitwe ananditumizirako kangachepe. Mumtima ndinati ndi zimenezi ndifolera nyumba yonse, zivute zitani.

Pamsika pathu pankabwerabwera bambo wina dzina lake ba Kelvin. Analibe thebulo, analibe sitolo, koma ankadziwika kuti amapeza chilichonse chimene munthu akufuna: lero chitseko, mawa mbaula yamagetsi, mkuja matayala. Anamva ndikudandaula kwa mnzanga, ndipo anandikokera pambali.

"Bamake Memory, osavutika. Malata nili nayo, yanyowani, yokosa. Ni ya bwana wina wa kumayadi, anasiliza kumanga, yanasalako. Afuna chabe yachoke pa yadi."

Mtengo umene anatchula unali wosafika theka la wa m'tauni. Ndinafunsa za lisiti. Anaseka, n'kunena kuti munthu wogulitsa zotsala m'nyumba mwake salemba lisiti. Ananenanso kuti ndisachedwe chifukwa ofuna ndi ambiri. Ndikuuzeni zoona, inu owerenga: pamene ankaseka paja, ndinakayikira. Ndinadziwa kuti palibe bwana wotaya malata atsopano pamtengo wotere nthawi imene mzinda wonse ukuwasaka. Koma ndinadziuza kuti si ntchito yanga kufufuza, ine ndi wogula chabe.

Ndinalipira, ndipo ba Kelvin anabweretsa malatawo pangolo yokankha m'mamawa, amuna anga asanaweruke, ndipo anandiuza kuti ndiwalowetse m'nyumba, asagone panja. Anali malata okongola, obiriwira, okhuthala, oti ukawagogoda amalira bwino. Pakona ya lata lililonse panali kamtanda kakang'ono kolembedwa ndi penti yoyera. Ba Zulu atabwera kudzayeza anakaona kamtandako, anakakhudza ndi chala, n'kundiyang'ana.

"Aya mwayapeza kuti, bamake Memory?"

Ndinawayankha kuti iwo ndawaitanira kukhoma. Sanafunsenso. Amuna anga atafunsa, ndinawauza kuti ndagula kusitolo ina imene ikutseka, ikugulitsa katundu motchipa. Anandikhulupirira, chifukwa pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanawanamizepo pa nkhani ya ndalama.

Denga linakwera. Malata awiri anali aatali kuposa chipinda chakumbuyo, ndiye ba Zulu anawadula. Nyumba ya bambo anga inaoneka ngati yatsopano. Anthu ankaima panjira n'kumayamikira, ena ankafunsa kuti amuna anga akwezedwa pantchito kapena bwanji. Mvula yamphamvu itabwera tinagona osatchera beseni ngakhale limodzi. Lachinayi pamsonkhano wa amayi kutchalitchi ndinaimirira n'kupereka umboni kuti Mulungu watifolera nyumba, amayi onse n'kuyankha ameni. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndikakumbukira.

Patapita masabata angapo, Loweruka m'mawa, ndinali kuchapa pakhomo. Njira ya kwathu ndi yopapatiza, galimoto silowa, ndiye apolisi anabwera wapansi, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira mukomboni: pofika pakhomo panga anali ndi chigulu cha anthu pambuyo. Pakati pawo panali ba Kelvin, manja ali mu unyolo, nkhope itatupa. Anali atagwidwa akugulitsa zitseko kwina, ndipo tsopano ankayenda ndi apolisi kuloza nyumba zonse zimene anagulitsako katundu. Sanandiyang'ane. Anangokweza manja onse awiri n'kuloza denga langa.

Pambali pa apolisi panali mayi wachikulire, wochepa thupi, atavala duku lakuda. Iyenso sanandiyang'ane. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, maso ali kumwamba, mpaka anaima pamene malata amatulukira kunja kwa khoma. Kamtanda koyera kankaoneka bwinobwino kuchokera pansi. Anauza wapolisi, motsitsa mawu, kuti timitandato analemba ndi amuna ake asanamwalire. Ine ndinasiya kuchapa, thovu la sopo lili m'manja. Dzina la mayiyo linali ba Mulenga.

Kupolisi sanandimenye, sananditukwane. Wapolisi wamkazi anandifunsa modekha ngati ndili ndi lisiti, ngati ndikumudziwa bwana wa kumayadi uja, ngati mtengo sunandidabwitse. Kenako anandifotokozera kuti kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha, ndipo munthu amatha kumangidwa nawo ngakhale sanathyole chitseko cha wina. Ndinakhala pabenchi tsiku lonse, nsapato atandivula. Chakumadzulo amuna anga anabwera ndi mkulu wa mpingo kudzandisainira kuti ndizikayankha ndikuchokera kunyumba. Panjira yonse amuna anga ananena mawu amodzi okha: "Munaniuza kuti ni ya ku shopu." Ndikanakonda akanandikalipira.

Chimene sindinaganizepo n'komwe pogula chinali ntchito yawo. Mlonda amadya chifukwa chokhulupirika. Mbiri itafika kuntchito kuti panyumba ya mlonda papezeka katundu wakuba, akuluakulu anawauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka apolisi atsimikize kuti sakukhudzidwa. Masabata amenewo sanalandire kanthu. Munthu amene anakana chinyengo moyo wake wonse ankayenda chozolika mukomboni chifukwa cha ine.

Lolemba lotsatira malata anachotsedwa. Ba Zulu yemweyo amene anawakhoma ndi amene anawazula, ndipo ndinawalipiranso, chifukwa kuzula ndi ntchito. Sanandikumbutse funso lawo lija, anangogwira ntchito mwakachetechete. Pofika masana tinali m'nyumba yopanda denga, mwezi wa Disembala, mitambo ikusonkhana. Malata akale aja tinali titagulitsa kale kwa ogula zitsulo. Mpingo unatibwereka tenti imene timagwiritsa ntchito pamaliro, ndipo tinaimanga pamwamba pa chipinda chimodzi. Pamaliro pakachitika ankabwera kudzaitenga, ife n'kutsala ndi pulasitiki. Memory ndi mng'ono wake tinawatumiza kwa alamu anga ku Chawama, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho tinadya banja lili pawiri. Matabwa atsopano aja, amene ndinagula ndi ndalama zoona, anamwa mvula n'kuyamba kupindika.

Mkazi wa mkulu wa mpingo ndi amene anandiuza kuti ndisadikire kukhoti, ndipite ndikaonane ndi mwini malata. Ndinazengereza, koma tsiku lina ndinamanga tomato ndi anyezi m'kathumba n'kupita naye limodzi. Ba Mulenga ankakhala kupitirira Lilanda, kumene anthu akumanga nyumba zatsopano. Tinapeza nyumba ya zipinda zinayi, makoma atafika pamwamba, koma yopanda denga. M'zipinda munamera udzu, njerwa zitachita ndere. Iwo ankagona ndi adzukulu awo m'kachipinda kamodzi kapambali. Malata aja apolisi anali atawabweza, atatsamira khoma, lililonse lili ndi mizere ya mabowo a misomali yanga.

Anatipatsa mipando. Anafotokoza mosakweza mawu, Chinyanja chawo chosakanikirana ndi Chibemba, kuti iwo ndi a ku Kasama, ndipo agulitsa tinsomba ta kapenta mumzinda uno kuyambira ali mtsikana. Amuna awo atapuma ntchito anagula malata onse nthawi imodzi, n'kuwalemba timitanda kuti asasokonezeke ndi a anthu ena pamalo omangapo. Asanapeze ndalama za matabwa anadwala n'kumwalira. Malata anakhala m'chipinda chokhoma kudikira. Akuba anathyola pamene ba Mulenga anapita kumudzi kukamaliza mwambo wa maliro.

Ndinagwada n'kupepesa. Ndinayamba kufotokoza za matalala, za mtengo wa m'tauni, za ana. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa funso limodzi.

"Mwana wanga, pamene anakuuza mutengo, sunazibe?"

Kupolisi ndinali nditayankha kuti sindinadziwe. Kwa amuna anga ndinati sindinadziwe. Koma pamaso pa mayi ameneyu, nditagwada m'nyumba yake yomera udzu, bodza linakana kutuluka.

"Ninaziba, bamayo," ndinatero.

Kenako anati chifukwa ndanena zoona, iwo sakankha mlandu wanga, akauza apolisi kuti takambirana. Koma malata awiri amene tinadula ndigule ena ofanana nawo. Za mabowo anati palibe chimene ndingachite. Kalipentala wawo anali atawauza kale kuti mabowowo sagwirizana ndi pamene padzadutse matabwa a nyumba yawo, ndiye lililonse adzachita kumata. Amuna awo anagula malata atsopano kuti mkazi wawo asadzatcherenso beseni paukalamba, ndipo ine ndinawasandutsa akale asanakwere n'komwe padenga lawo. Tomato uja analandira, anapatsa mdzukulu kuti akaike mkati.

Kukhoti ndinapita ngati mboni. Ba Kelvin anamangidwa, ndipo ndalama zanga zinapita nawo, sindinaonepo ngakhale ngwee. Malata awiri a ba Mulenga ndinagula poyamba, tisanagule athu, ndipo anali odula chifukwa anali amtundu wokhuthala uja. Amuna anga atabwerera kuntchito tinachita zimene iwo ananena tsiku loyamba lija: tinafolera chipinda chimodzi. Atsikana anabwerako ku Chawama n'kumagona mmenemo ndi ine, atate awo n'kumagona pabalaza pansi pa pulasitiki masiku amene sali kuntchito. Nkhani ya mtsikana wamkulu ija, imene ndinkaiona ngati phiri, inatha mophweka chonchi. Kenako tinkagula malata awiriawiri, atatuatatu, oyera wamba, mwezi ukatha. Denga lonse linatha mvula ina itatsala pang'ono kuyamba. Mukaphatikiza zimene ndinataya kwa ba Kelvin, kukhoma, kuzula, kukhomanso, matabwa opindika, malata obweza ndi malipiro amene amuna anga sanalandire, denga limenelo tinaligula kawiri. Ndipo chikhulupiriro cha amuna anga chinatenga nthawi yaitali kuposa denga kuti chibwerere. Mpaka lero ndikagula chinthu chachikulu ndimaika lisiti pathebulo iwo asanafunse, ndipo iwo amaliyang'ana ndithu.

Ba Mulenga anafolera nyumba yawo patapita nthawi, ana awo atasonkha. Ndikamapita kukapikula tomato mbali imeneyo ndimaiona: denga lobiriwira, lokongola, koma lodzaza timadontho takuda ta phula m'mizeremizere. Tikakumana panjira amandipatsa moni, amafunsa za ana. Sanandiitanepo kuti ndilowe m'nyumba, ndipo sindiwadandaula.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga a m'makomboni, mverani. Ngati denga lanu ndi lakale, musadikire matalala. Muzigula lata limodzi mukapeza kangachepe, muziika kuseri kwa kabati, ndipo matabwa muziwayang'ana nthawi ya dzuwa. Tsoka likakugwerani, funsani mtengo wa zonse, osati wa malata okha, ndipo ngati mphamvu zanu zikukwana chipinda chimodzi, folerani chimodzicho. Pulasitiki padenga si mlandu, anthu amaseka sabata imodzi n'kuiwala. Amuna anu kapena akazi anu musawabisire kumene mwagula chinthu, chifukwa tsiku loipa likafika mudzawagwetsera m'dzenje limene sanalione. Ndipo wina akakukokerani pambali n'kukutchulirani mtengo wokoma, wopanda lisiti, wofuna kuti katundu alowe m'nyumba msanga, musadzinamize kuti ndinu wogula chabe. Katundu ameneyo ali ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri si bwana wa kumayadi. Ndi munthu wovutika ngati inu nomwe, amene tsiku lina mudzayenera kumuyang'ana kumaso.